Nyemba za fava pa buledi wootcha: zikatuwa, zikawawa, buledi akanyowa

Ndinazidyera koyamba ku Rome m'mwezi wa Meyi. Kanali kagawo ka buledi kootcha pamakala, pamwamba pake nyemba zili biriwiri, tchizi chopalapala, mafuta a olivi akuyenderera m'zala mpaka kufika pachigongono. Nditabwerera ku England kumene ndimakhala ndinati, kanthu kophweka chonchi kangandikanike ine amene ndinakula ndikusenda nandolo pakhonde? Kanandikanika katatu konse. Ulendo woyamba nyemba zinatuluka mupoto zili mbuu, zamakwinya ngati zala za munthu wochapa tsiku lonse. Ulendo wachiwiri mtundu unalipo koma zinkawawa kumapeto kwa lilime. Wachitatu nyemba ndinazikhoza, koma pamene alendo ankatambasula mkono, buledi anali atanyowa kale, akupindika m'manja ngati chikondamoyo chosapsa.

Chakudyachi chilibe pobisala. Mulibe supu, mulibe phwetekere wokwirira zolakwa. Nyemba, buledi, mafuta, mchere, tchizi, basi. Chimodzi chikalakwika, pakamwa pamadziwa nthawi yomweyo. Ndipo zolakwika zake zimabwera zomwezomwezo chaka ndi chaka, chifukwa nyengo ya nyembazi ndi yaifupi moti pofika chaka china munthu waiwala pamene anaphonya.

Yambani mwaona ngati nyembazo ndi zake

Dzina loti fava ndi la Chitaliyana. M'masitolo a ku Britain ndi ku South Africa mudzazipeza zitalembedwa kuti broad beans, ku Tuscany, chigawo cha Italy, zaziwisi amazitcha baccelli, ndipo akatswiri a zomera amati Vicia faba. Ndi mbewu yokonda kozizira. Ku Italy zimafika pamsika mu Epulo ndi Meyi, ku Britain mu Juni ndi Julayi, pomwe ku South Africa muzizifuna chisanu chikamatha, cha mu Seputembala ndi Okutobala. Anthu a ku Rome ali ndi mwambo woti pa 1 Meyi amatuluka mumzinda kukakhala paudzu, n'kumadya fava zosaphika n'komwe, akusenda okha ndi kutsagana ndi tchizi cha mkaka wa nkhosa chotchedwa pecorino romano.

Ndanena zimenezi chifukwa ambiri amagula za m'chitini kapena zouma zofiirira zija, kenako n'kumadabwa kuti bwanji sizikufanana ndi za pachithunzi. Mbewu ndi yomweyo, koma chakudya n'china. Zoumazo ndi za chakudya cha ku Egypt chotchedwa ful medames, kapena phala la nyemba limene ku Puglia, kum'mwera kwa Italy, amadyera masamba owawa a cicoria. Apa pakufunika zaziwisi za m'makoko. Zikasowa, gulani zaziwisi zouma ndi ayisi za m'paketi (frozen). Zimenezo sizichititsa manyazi, ndipo nthawi zambiri zimaposa zam'makoko zimene zagona pashelefu sabata yathunthu.

Zikuwawa, ndipo zikutafunika ngati chikopa

Vuto lalikulu ndi ili, ndipo gwero lake ndi limodzi: nyemba ya fava imavala kawiri. Mukang'amba khoko lalitali lija, lomwe m'kati mwake muli ubweya woyera ngati thonje, mumapeza nyemba zotuwirako. Munthu wozolowera nsawawa amaganiza kuti ntchito yathera pomwepo. Ayi ndithu. Chotuwacho ndi khungu lachiwiri, ndipo nyemba yeniyeni, yobiriwira ndi yotsekemera, ili m'kati. Khunguli ndi limene lili ndi kuwawa kophatika m'kamwa, kofanana ndi kwa nthochi yosapsa kapena tiyi wokhalitsa m'ketulo. Nyemba ikamakula, khungu limakhuthala ndipo kuwawa kumawonjezeka.

Kulichotsa n'kotere. Wiritsani madzi ambiri a mchere mpaka abwate. Thiranimo nyemba. Zazing'ono mphindi 1 yakwana, zazikulu mphindi 2, zokhwimirako 3. Vuulani n'kuziponya msangamsanga m'madzi a ayisi. Zikazizira, tengani imodzi, yang'anani mbali imene kulibe kachipsera kolumikizira kukhoko, tsinani khungu ndi chikhadabo, kenako finyani pang'ono kumbali inayo. Nyemba imatumphuka yokha, nthawi zina n'kugawikana pakati. Kugawikanako musade nako nkhawa. Mukafinya ndipo yaphwanyikira m'zala, ndiye kuti munapitiriza moto. Mukafinya koma khungu likukakamira, moto unachepa, zibwezereni m'madzi otentha masekondi 30.

Ndi ntchito yotopetsa, sindikunamizani. Ine ndimakhala pansi, mbale ziwiri pamiyendo, wailesi ikulira. Kuli Ataliyana ambiri amene amati kusenda kawiri n'kuwononga nyemba, ati kawawidwe kapang'onoko ndiko kukoma kwa fava. Akunena zoona pa nyemba zawo, zothyoledwa m'mawa womwewo, zazing'ono ngati chikhadabo cha kachala kakang'ono. Zimenezo ngakhale osaphika zimadyeka. Koma zimene ambirife timagula zayenda masiku pamsewu. Lamulo langa n'loti ndilume imodzi yaiwisi ndi khungu lake. Ikatsekemera, ndizisiya. Ikandiphatika m'kamwa, ndisenda zonse.

Pali kuwawa kwina kumene kusenda sikuchotsa, kwa nyemba zokalamba. Yang'anani kachipsera kaja. Kakakhala kobiriwira kapena koyera, nyemba ndi yanthete. Kakada bii, shuga wake wasanduka kale ufa, ndipo m'kamwa imakhala yaufaufa ngati chinangwa chouma. Pamsika mungazidziwe musanatsegule: khoko lotupa kwambiri, loonetsa mfundo zazikuluzikulu, lolembeka madontho akuda ambiri ndi lofota kumapeto, lisiyeni. Sankhani makoko olimba, osalala, othyoka mukawapinda. Ngati mwagula kale zokalambazo, musaziumirize kukhala zathunthu pa buledi. Ziphikeni mphindi 6 mpaka 8 mutazisenda, muzinyenye ndi mafuta ambiri zisanduke zopaka.

Zinali zobiriwira, tsopano zatuwa

Apa pali adani awiri, moto ndi chowawasa. Chimene chimapatsa masamba mtundu wobiriwira chili ndi kamchere ka magnesium pakati pake. Kutentha kukatenga nthawi, kapena asidi akalowerera, kamchereko kamachoka ndipo mtundu umasanduka wotuwa ngati yunifolomu ya asilikali yosuluka. Zikatero sizibwereranso.

Choncho poto asavundikiridwe, kuti asidi wotuluka m'nyemba zomwezo apite ndi nthunzi. Madzi akhale ambiri, malita 3 pa nyemba zodzaza manja anayi kapena asanu, kuti mukazithira asasiye kuwira kwa nthawi yaitali. Kapoto kakang'ono ndiko kanandilakwitsa ulendo woyamba uja: madzi anazizira, ine n'kumadikira kuti awirenso ndisanayambe kuwerenga mphindi, nyemba zili m'menemo zikuphikika mwakachetechete. Werengani kuyambira pamene nyemba zalowa m'madzi. Ndipo madzi a ayisi akhale okonzeka musanayatse moto. Ngati mulibe ayisi, ikani beseni la madzi mufiriji kudakali m'mawa, kapena tsanulirani nyembazo musefa n'kutsegulira mpopi mpaka zitazizira mpaka m'kati.

Mdani wachiwiri ndi amene amapha anthu osamala. Mwasenda bwino, mtundu uli biriwiri, ndiye mukuti ndithiriretu mandimu kuti zilowerere. Pakatha theka la ola mukuzipeza zasuluka. Madzi a mandimu azilowa pomaliza penipeni, buledi ali kale pamoto. Ngati mukufuna fungo la ndimu msanga, palani khungu lake lachikasu lokha, osafika poyera, muthire limenelo pamodzi ndi mafuta. Khungulo lili ndi fungo koma silisulutsa mtundu.

Wina anandiuza kuti ndizithira soda monga timachitira ndi therere. Zoonadi, soda kapena chidulo zimasunga kubiriwira chifukwa zimapha asidi. Koma tonse tikudziwa chimene soda amachita ndi masamba: amawafewetsa mpaka kutereka. Pa therere n'chimene tikufuna. Pa fava mudzatsala ndi phala lobiriwira lomveka sopo. Musayese.

Buledi wanyowa, kapena wauma gwa, kapena wapserera

Chakudyachi Ataliyana amachitcha bruschetta, dzina lochokera ku mawu a ku Rome oti bruscare, kutanthauza kuotcha pamakala. Ku Tuscany kagawo kootcha kopaka adyo ndi mafuta amakatcha fettunta. Maina onsewa akukamba za buledi, osati za choika pamwamba, ndipo n'chifukwa chake buledi akalakwika palibe chimene chatsala.

Buledi wofewa wodulidula wa m'mapepala, uja timamwera tiyi, sangathe ntchitoyi. Alibe mafupa. Akakumana ndi mafuta amasanduka thonje lonyowa. Pamafunika buledi wa chikhokho cholimba ndi mabowo m'kati, monga ciabatta kapena sourdough, ndipo wogona dzulo amaposa wa lero chifukwa madzi ake achepa. Dulani magawo okhuthala sentimita 1.5 mpaka 2. Opyapyala kwambiri amauma gwa mpaka pakati n'kumathyokera pamalaya a alendo. Okhuthala kwambiri sakwana m'kamwa.

Cholinga n'choti kunja kuume ndi kuderako, pakati pakhale pofewa. Zimenezi zimafuna moto waukali kwa nthawi yochepa. Ambiri amalakwitsa poika mu uvuni wofunda kwa mphindi 15, ndipo amatuluka wouma gwa mpaka pakati. Mbaula ndiyo imaposa zonse, bola mudikire malawi azime, makala akutidwe ndi phulusa loyera, monga momwe amadikira ootcha chimanga pamsewu. Ikani magawo pa waya, mphindi 1 kapena 2 mbali iliyonse, ndipo musachokepo kukayankha foni. Ngati makala anayatsidwa ndi palafini kapena pulasitiki, dikirani fungolo lithe, chifukwa buledi amayamwa utsi. M'nyumba, chiwaya chachitsulo chamizeremizere chotenthetsa kwambiri chimagwira ntchito. Chikhale chouma.

Pa mafuta anthu amasiyana. Ine ndimaotcha buledi wouma, mafuta n'kuthira pambuyo. Mafuta a olivi akadonthera pamakala amabutsa malawi, buledi n'kuda mwaye, komanso fungo labwino limene munalipira ndalama zambiri limathera mu utsi.

Tsono kunyowa kuja. Kumachokera malo atatu, ndipo awiri mwa iwo anthu sawaganizira. Poyamba, magawo otentha akasanjikizidwa m'mbale kapena kuvundikiridwa ndi nsalu, nthunzi yawo yomwe imawafewetsa. Aimikeni chotsamirana kapena agonekeni pa waya mpweya uzidutsa pansi. Pena ndi nyemba zosadontha: zikachoka m'madzi a ayisi n'kusendedwa, zipukuteni pansalu youma musanathire mafuta. Koma wamkulu ndi kufulumira. Buledi wosanjikidwa kale nyemba pamwamba amapirira mphindi 10, mwina 15. Ine ndinasanjika alendo asanafike n'komwe, kufuna kuti tebulo lioneke bwino akamalowa, ndiye moni ndi kufunsana za kumudzi kunatenga ola lathunthu. Masiku ano alendo amayamba akhala pansi, chakumwa chili m'manja, ndipo ndipamene buledi amapita pamoto.

Nyemba zikugubudukira pansi

Kankhani kakang'ono koma kochititsa manyazi. Mlendo akaluma, nyemba zitatu zili pamphasa. Gawani nyemba zanu pawiri. Theka linyenyeni ndi foloko pamodzi ndi mafuta, lisanduke phala lokhakhala, kenako sakanizani ndi theka lathunthu lija. Zonyenyazo zimagwira zinzake ngati dothi lomata. Njira ina ndi kupaka kaye ricotta, tchizi chofewa choyera, pa buledi n'kukanikiziramo nyemba. Ricotta wa m'sitolo amakhala ndi madzi ambiri, choncho ayambe wadontha musefa kwa theka la ola, apo ayi mwabwerera ku vuto la kunyowa.

Zili zii, kapena mchere wawawa, kapena adyo walusa

Nyemba zosenda kawiri zili ndi kakomedwe kofatsa, sizichedwa kukwiririka ndiponso sizichedwa kumveka zii. Zikakhala zii, kawirikawiri ndiye kuti madzi owiritsira analibe mchere wokwanira. Ngakhale khungu lidzatayidwe, thirani supuni yaikulu imodzi pa lita iliyonse. Zikakhala kuti mchere ulimo koma pakamwa pakusowabe kanthu, chikusowacho ndi ndimu, madontho ochepa chabe.

Kuwawa mchere kumabwera ndi pecorino. Tchizi chimenechi n'chamchere kwambiri moti munthu akakoleretsa nyemba kaye kenako n'kupalira tchizi pamwamba, wapitiriza. Thirani tchizi poyamba, mulawe, mchere ubwere pambuyo ngati ukufunika. Buledi wa ku Tuscany amaphikidwa wopanda mchere n'komwe, ndiye maphikidwe ochokera kumeneko amathira mchere molimba mtima. Buledi wathu ali nawo kale. Pecorino akasowa kapena akadula, Parmesan amalowa m'malo. Feta, amene ku South Africa ali paliponse, amakomanso, koma naye ndi wamchere.

Adyo wosaphika musamuduliremo. Tengani kachidutswa kamodzi kosenda, kaduleni pakati, mukhule nako pa buledi akadali wotentha. Buledi wootcha amakhala wokhakhala ngati chopalira, amadya adyo yekha. Kukhula kamodzi kapena kawiri basi. Mlamu wanga anakhula mpaka kachidutswa kanatha m'manja pa kagawo kamodzi, ndipo tinamva adyo mpaka m'mawa.

Pali kuwawa kwinanso kumene kunandizunguza mutu. Nyemba zanthete, zosenda bwino, koma phala lake likuwawa. Chinali chigayo chamagetsi. Mafuta a olivi abwino kwambiri aja, olembedwa extra virgin, akamenyedwa mwamphamvu ndi mipeni ya makina amatulutsa kuwawa kwawo. Ku Liguria, chigawo china cha Italy, ali ndi chopaka chotchedwa marò, cha fava, minti, adyo, pecorino ndi mafuta, ndipo mwamwambo amachisinja mu kamtondo. Kamtondo kosinjira adyo ndi tsabola kamene kali m'makhitchini ambiri a kwathu n'kokwana, bola katsukidwe fungo la tsabola. Ngati mukugwiritsabe makina, gayani nyemba ndi timadzi pang'ono, mafuta muthire ndi supuni makina atazima. Masamba a minti ang'ambeni ndi manja pomaliza. Odula msanga ndi mpeni amada.

Thumba linali lodzaza, nyemba zatsala dzanja limodzi

Palibe chimene mwalakwitsa, ndi mmene zilili. Kilogalamu imodzi ya makoko imapereka nyemba pafupifupi magalamu 300, ndipo mukachotsa khungu lachiwiri mumatsala ndi 200 kapena kupitirira pang'ono. Zimenezo ndi magawo 6 kapena 8 a buledi, anthu anayi. Zikachepa alendo ali pakhomo, onjezerani nsawawa zowiritsa mphindi 2. Zimagwirizana bwino ndipo Ataliyana omwe amaziphatikiza.

Zala zikada posenda makoko musadabwe. Madzi a makokowo amada akakumana ndi mpweya. Khulani ndi chigamphu cha ndimu chofinya kale.

Vuto limene silikonzeka kukhitchini

Ili lokha musalidumphe. Anthu ena amabadwa thupi lawo likupereweza enzaimu yotchedwa G6PD, imene imateteza maselo ofiira a magazi. M'nyemba za fava muli zinthu ziwiri, vicine ndi convicine, zimene kwa munthu wotere zimatha kuswa maselowo mwadzidzidzi. Matendawa amatchedwa favism, ndipo dzina lake lachokera ku nyembazi. Kuphika sikuchotsa zinthuzi, kusenda sikuchotsanso.

Nkhaniyi ikutikhudza mwachindunji. Kuperewera kwa G6PD n'kofala m'madera amene muli kapena munali malungo: ku Sardinia ndi madera ena ozungulira nyanja ya Mediterranean, ku Middle East, mbali zina za Asia, komanso kwathu kum'mwera kwa Sahara, Malawi ndi Zambia ali momwemo. Kumagwira kwambiri amuna chifukwa chibadwa chake chimayenda pa kromozomu ya X. Mtundu umene umapezeka kwambiri mwa anthu a mu Africa nthawi zambiri ndi wofatsirako poyerekeza ndi wa ku Mediterranean, koma nawo umatha kudwalitsa munthu akadya fava, makamaka mwana. Ndipo popeza fava si ndiwo ya masiku onse kwathu, munthu atha kufika zaka 40 osadziwa kuti ali nalo vutoli. Ku Italy amalitenga mozama moti m'matauni ena ogulitsa amalamulidwa kuika chikwangwani pakhomo chochenjeza kuti muno muli fava zaziwisi.

Zizindikiro zimabwera pakatha maola angapo mpaka tsiku limodzi kapena awiri: kufooka, kutuwa, maso achikasu, mtima kuthamanga, kupweteka m'mimba kapena msana, ndi mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Mukaona zimenezo, thamangani kuchipatala ndipo muuze adokotala kuti munthuyo wadya fava. Ngati inu kapena mwana wanu munauzidwapo kuti muli ndi vuto la G6PD, kapena munachenjezedwa za mankhwala a malungo a primaquine, nyembazi si zanu. Mayi woyamwitsa mwana amene ali ndi vutoli nayenso azipewe. Omwe amamwa mankhwala a gulu la MAOI (ena mwa mankhwala a matenda ovutika maganizo), kapena a matenda a Parkinson's, ayambe afunsa dokotala, chifukwa fava zili ndi L-dopa, chinthu chimene chingasokonezane ndi mankhwalawa. Ine ndimauza alendo chimene chili pa buledi ndisanagawe, ndipo ana aang'ono a eni ndimawakonzera cha nsawawa zokha, mu mbale yake ndi supuni yake.

Zikalakwika kale, alendo ali m'njira

Zambiri zimatheka kukonzeratu. Nyemba mungaziwiritse ndi kuzisenda dzulo lake, n'kuzisunga mufiriji m'chotengera chotseka, zopanda ndimu. Zitulutseni theka la ola musanadye, chifukwa zozizira kwambiri sizimveka kukoma ndipo mafuta a olivi amagwirana. Za m'paketi zouma ndi ayisi zinawiritsidwa kale kufakitale, ndiye musaziphikenso nthawi yaitali. Zithireni madzi owira, zikhale mphindi 2, muziziritse, musende.

Buledi akapserera m'mbali, palani ndi mpeni pamwamba pa sinki. Akazizira n'kufewa musanasanjike, m'bwezereni pamoto masekondi 20 mbali iliyonse. Phala la nyemba likachuluka madzi, palirani tchizi china kapena nyenyeranimo kachidutswa ka buledi wootcha. Likalimba kwambiri, supuni imodzi ya madzi ofunda imamasula bwino kuposa kuthira mafuta ena.

Nyemba zikatuwa, mtundu wapita, koma kukoma kulipobe. Zinyenyeni zonse, muthire minti wambiri ndi nsawawa zonyenya ngati zilipo, tchizi chopala chikwirire pamwamba. Zanga za ulendo woyamba zija sindinaziike n'komwe pa buledi. Ndinazikazinga ndi anyezi m'mafuta, n'kuzisakaniza ndi pasta mawa lake masana, ndipo mu poto simunatsale kanthu.